Idah Azula Waya Lolemba M'mawa

1. Mlandu wa Chrispin

Chrispin ndiye anapha a Gabriel. Sanawabaye ndi mpeni, sanawathirire tameki m'tiyi, koma anawapha ndithu, ndipo Zingwangwa yonse ikudziwa. Anawapha ndi bodza.

A Gabriel ankagwira ntchito pa chipatala china cha pulayiveti cha ku Naperi. Sanali dokotala. Ntchito yawo inali m'kachipinda kozizira kuseri kwa maofesi, momwe munali maseva awiri. Munthu akawafunsa kuti seva n'chiyani, ankayankha chonchi:

"Seva ndi chikompyuta chachikulu, koma iwe uziyiona ngati nyumba ya mdadada. M'katimo muli matenanti. Wina ndi kompyuta ya ku famase, wina ndi ya ku labu, wina ndi yosunga mbiri za odwala. Sungawagwire ndi manja, koma alimo. Katundu wawo sagona m'nyumbamo ayi. Amagona m'bokosi lina lapadera, timati sitoreji."

Kumbuyo kwa seva iliyonse kunali makhadi a netiweki, okhala ndi zibowo zinayi zolowetsamo mawaya. A Gabriel anazigawa bwinobwino. Chibowo chimodzi chinali cha manesi ndi madokotala akamafuna zinthu m'makompyuta awo. China chinali chosamutsira matenanti ku seva inzake, ina ikafuna kukonzedwa. Ziwiri zotsalazo zinali za ku sitoreji, ndipo waya aliyense ankadutsa pa swichi yakeyake, kabokosi kolumikiza mawaya a makompyuta.

"Wosamuka ndi katundu asapanikizane pakhomo limodzi ndi wopita kuntchito," ankatero. "Ndipo kumene kukugona katundu wako, njira zikhale ziwiri. Mlatho wina ukakokoloka, uwolokera pa winawo."

Kenako kunabwera Chrispin, ndi digiri yake, tayi wake ndi nsapato zosongoka. Anamulemba kuti akhale bwana wa a Gabriel. Asanazolowere n'komwe mpando, anachotsa swichi yachiwiri n'kupita nayo ku Chemusa, kumene anali ndi kabizinesi kogulitsa wayifayi kwa anyamata. A Gabriel atadandaula, iye anangoseka.

"Madala, zanuzo ndi zachikale. Ndibweza sabata ya mawa."

Sabata ya mawayo sinafike. Tsiku lina la mvula magetsi anabwera mwamphamvu, swichi yotsalayo n'kupsa. Chipatala chonse chinaima. Akuluakulu atafunsa, Chrispin anatambasula manja ngati wansembe.

"Ine ndinazipeza chonchi. Swichi yachiwiri madalawa anagulitsa kalekale."

A Gabriel anachotsedwa ntchito ngati mbava. Mlonda anawasecha m'matumba pageti, ana a sukulu akuona. Kuyambira tsiku limenelo BP yawo sinatsikenso. Chaka chisanathe anagwa kubafa, osadzukanso.

Chrispin anabwera pamaliro. Anaimba nawo nyimbo. Anadya, n'kupempha ndiwo zina.

2. Waya wa chionetsero

A Gabriel anasiya mwana mmodzi, Idah. Mtsikanayu anakulira pakati pa mawaya a bambo ake, ndipo atamaliza Fomu 4 anapita ku koleji kukaphunzira za makompyuta. Nthawi ya atachimenti itakwana, koleji inamutumiza ku chipatala chomwe chija, m'manja mwa munthu yemwe uja.

"Aaa, mwana wa madala!" anatero Chrispin tsiku loyamba. "Takulandira. Chikwama chakocho uzichisiya pageti, wamva? Magazi sanama."

Idah anavula chikwama chija paphewa.

"Ndamva, a Chrispin."

Sanamuphunzitse kanthu. Ankamutuma tchipisi pamsewu, kumupukutitsa fumbi, kumunyamulitsa makatoni. Pasiwedi yolowera m'maseva ankayisunga yekha m'mutu mwake ngati mankhwala a chitaka.

Lachisanu lina Chrispin anamuponyera tsache.

"Lolemba a Majidi akubwera ndi eni ake a chipatala kudzaona chipinda chino. Ndikufuna kuseri kwa kabati ya masevayo kuwale ngati mbale."

A Majidi anali oyang'anira chipatala. Ndi omwe anasayina kalata yochotsa a Gabriel. Swichi itapsa chaka chija, iwo anagula zatsopano ziwiri, n'kulamula kuti zisadzachitikenso.

Idah anagwada kuseri kwa kabati n'kuyamba kusesa. Pa bokosi la sitoreji panatuluka mawaya awiri, wa buluu ndi wachikasu. Wa buluu anapita bwinobwino pa swichi yoyaka nyali. Wachikasu anatsika pansi, n'kulowa kuseri kwa thabwa. Tsache litamukola, waya uja anatuluka yense. Mutu wake unali lende, wodzaza fumbi, wosalowa paliponse.

Idah anatsegula kachitseko ka m'munsi. Swichi yachiwiri inalimo, koma yozizira, yosayaka ngakhale nyali imodzi. Anainunkhiza. Inali yakupsa ija. Munthu anaipukuta bwino n'kuibwezera pamalo kuti izioneka.

Anayang'ananso kumbuyo kwa maseva. Khadi lina linali litachotsedwa. Manesi, osamuka, katundu wa ku sitoreji, onse ankapanikizana pa njira imodzi.

Galu anali atabwerera ku masanzi ake.

Idah anabweza waya wachikasu kuseri kwa thabwa monga anamupezera. Anamaliza kusesa, n'kusamba m'manja.

3. Mabuleki a Marko

Lamulungu atabwerako ku Misa, Idah anaulula. Anali pakhonde la nyumba yawo ya lendi. Mayi ake, a Monika, ankasankha nyemba m'lichero. A Laurenti, achimwene awo a Monika, makanika wokonza maminibasi, anali atabwera kudzacheza.

A Monika anaika lichero pansi.

"Wati waya ndi mmodzi?"

"Mmodzi, Amayi."

"Ukamuzula?"

"Zonse zigwa."

"Mawa, mabwana onse ali pomwepo?"

"Ali pomwepo."

"Ndiye ukufunsa chiyani? Ukazule! Ukazule ngati chinangwa! Bambo ako anawavula ulemu pageti dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinavala zakuda, galu ameneyo akugula galimoto. Kulimana, kumapemphero a m'dera lathu, ndikakhala pansi, amayi anzanga amasuntha zikwama zawo. Mkazi wa mbava! Ndiye Mulungu wamuika m'manja mwako, iwe ukubwera kuno kudzafunsa? Ndinakuyamwitsa bere kapena madzi a m'mpopi?"

A Laurenti anatsokomola.

"Chemwali, mwatha? Idah, tandiyang'ana kuno.

"Alamu anga ndinkawadziwa iwe usanabadwe. Nawonso ankazula mawaya, sindikukana. Ankati njira yachiwiri siidziwika ndi pakamwa, imadziwika ukatseka yoyamba. Koma ankazula liti? Lamulungu masana, chipatala chili zii. Ankayamba auza manesi kuti konzani mapepala ndi zolembera. Ankayamba asindikiza mbiri za odwala onse amene ali pabedi. Ankaitana bwana kuti aime pambali. Akatero, ndiye amazula. Ndinawaperekezapo ine, ndinaona ndi maso angawa.

"Ndikuuze za Marko, dalaivala wa maminibasi a ku Bangwe. Anauza mwini galimoto kuti bwana, mabuleki atha. Mwiniyo anati ukunama iwe, ukufuna undidyere. Marko anapsa mtima. Anati ndimuonetsa. Tsiku lina mwiniyo atakwera kutsogolo, Marko anatsika nayo pamtsetse mothamanga, anthu ali tho kumbuyo, kuti bwana aone yekha phazi likulowa mpaka pansi. Bwanayo anaonadi. Anatuluka ndi kachilonda pamphumi basi. Koma mayi wina wa tomato, amene sankadziwa n'komwe kuti m'galimotomo muli mkangano, lero akuyenda ndi ndodo ziwiri. Marko ankanena zoona. Zoona zakezo anapita nazo kundende.

"Mabuleki timayesera pagalaja, mwana wanga, osati ndi anthu. M'chipatala muja samabweramo Chrispin yekha. Mumabwera ana a eni ake, amayi oyembekezera, madala a shuga. Ameneaja sanakulakwire. Pita kwa a Majidi, ukawapemphe kuti ayesetse mawayawo Lamulungu likubwerali, monga ankachitira bambo ako. Ngati waya ndi wabodza lero, adzakhalabe wabodza Lamulungu."

A Monika anaseka, kuseka kowawa.

"A Majidi? Omwe anasayina kalata aja? Achimwene, oyilo wa injini wakulowani m'mutu. Mwana wa atachimenti akanenere bwana wake, ndani amumvere? Chrispin amva dzuwa lisanalowe. Athamangira ku Chemusa, abweza swichi, Lamulungu zonse zili myaa. Wabodza akhala ndani? Bambo mbava, mwana wabodza. Mukufuna zimenezo?"

A Laurenti anakanda m'mutu.

"N'kutheka, Chemwali. Anthu oipa ali ndi miyendo yaitali. Komabe ine ndikuti bola kuluza mlandu kusiyana ndi kuwina utaponda mwana wa mnzako. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndanena."

"Mwanena, tamva," anatero a Monika. "Amene anagwa kubafa si amuna anu."

Idah anatenga lichero lija n'kupitiriza kusankha nyemba.

4. Pamaso pa mabwana

Lolemba ndi tsiku limene chipatala chimadzaza. Odwala onse amene anapirira Loweruka ndi Lamulungu amabwera m'mawa umenewo. Idah polowa anadutsa pakati pawo. Mabenchi anali tho, ena atakhala pansi, ana akulira kumsana. Anawaona. Tisamunamizire kuti sanawaone.

A Majidi analowa m'kachipinda kozizira kaja ndi eni chipatala awiri, bambo wa imvi ndi mayi wa magalasi. Chrispin anali atavala suti. Idah anaima pakona, pafupi ndi kabati.

"Muno, mabwana, chilichonse chili pawiripawiri ngati nsapato," anayamba Chrispin. "Maseva awiri, maswichi awiri, mawaya awiri. China chikafa, chinzake chimanyamula. Taonani pa sikirini apa. Panopa ndikusamutsa kompyuta ya mbiri za odwala kuchoka ku seva iyi kupita ku iyo, koma manesi akugwira ntchito osamva kanthu."

Pa sikirini mzere wobiriwira unkayenda pang'onopang'ono. Mayi wa magalasi anagwedeza mutu mokhutira.

"Si ngati nthawi ya madala ena aja," anapitiriza Chrispin, "amene ankatuluka ndi katundu wa chipatala m'jekete. Mwana wawo ndi uyu. Tikumuphunzitsa khalidwe, poti kunyumba analibe womuphunzitsa."

Bambo wa imvi anaseka pang'ono. A Majidi anayang'ana pansi.

Idah anasuntha phazi limodzi.

"Bwana Majidi, ndifunse nawo. Ngati mawaya ndi awiri, mmodzi atazuka palibe chingachitike, eti?"

A Majidi anatembenukira kwa Chrispin.

"Palibe," anatero Chrispin. "Koma iwe usakhudze..."

Idah anali atagwada kale. Anagwira waya wa buluu kumbuyo kwa sitoreji n'kumuzula.

Mzere wobiriwira unaima pakati. Nyali zofiira zinayaka pa maseva onse awiri, ndipo kena kake kanayamba kulira ngati mwanapiye wotayika.

Idah anapisa dzanja kuseri kwa thabwa, n'kutulutsa waya wachikasu, n'kumukweza m'mwamba kuti onse aone mutu wake wa fumbi.

"Waya wachiwiri ndi ameneyu. Akupita kuti, a Chrispin? Tawauzani mabwana."

Anatsegula kachitseko ka m'munsi.

"Swichi yachiwiri ndi iyi. Bwana Majidi, weramani muinunkhize. Ndi yakupsa ija. Yatsopano imene munagula ili ku Chemusa, ikugulitsa wayifayi limodzi ndi imene munachotsera bambo anga ntchito. Dzina lawo ndi a Gabriel. Sanabepo ngakhale bawuti imodzi muno."

A Majidi anawerama, ananunkhiza, n'kuweramuka nkhope itasintha.

"Chrispin, tayankha."

Thukuta linamutsika Chrispin m'khosi n'kunyowetsa kolala. Digiri sinamuthandize, tayi sanamuthandize.

Kukoma kwake! Idah anaima chilili, waya wa buluu ali m'dzanja lamanja, wachikasu kumanzere. Akanatha kubwezera nthawi yomweyo. Sanabwezere. Ankafuna thukuta lija lifike mpaka m'nsapato zosongoka.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali a Brenda, nesi wamkulu, wefuwefu.

"Ndani wazimitsa makompyuta? Tili ndi mwana uko, thupi moto, khosi laumiratu. Mayi ake akuti pali jakisoni wina amene anatsala pang'ono kumupha chaka chatha pompano, koma dzina lake sakulidziwa. Buku la kuchipatala linapita ndi madzi. Adokotala amatsegula mbiri yake kuti aone, basi zonse zii! Sangabaye mwachimbulimbuli. Mwanayo akutithawa!"

Idah anagwada msanga n'kubwezera waya. Waya atalowa, nyali ya sitoreji inabiriwira.

Koma mzere uja pa sikirini sunayende.

Kompyuta ya mbiri za odwala inagwidwa ili pakati pa ulendo. Inali ngati munthu amene lole ya katundu yamufera pamlatho, makiyi a nyumba yakale wabweza kale, m'nyumba yatsopano sanalowe. Inafunika munthu woti alowe m'seva n'kuidzutsa ndi manja. Ndipo polowera pake panali pasiwedi.

"Chrispin, dzutsa zinthuzi pompano!" anakalipa a Majidi. "Za swichi tikambirana bwino."

Anathamanga kutsatira a Brenda, eni chipatala aja ali pambuyo. Chitseko chinadzitseka chokha.

5. Foni patebulo

M'chipinda munatsala awiri.

Chrispin anapukuta nkhope ndi mpango. Anakoka mpando, n'kukhala, n'kuwongola tayi. Kenako anatulutsa foni m'thumba, anatsegula pojambulira mawu koma osayamba kujambula, n'kuiika patebulo pamaso pa Idah. Manja ake anawapinda pachifuwa.

"A Chrispin, chonde, lowani."

"Ndi kantchito kakang'ono aka. Zala zanga zimakadziwa ngakhale nditatsinzina. Koma wandiopseza, mwana wa madala. Zala zikachita mantha zimaiwala."

"Mwana akufa uko!"

"Wazula ndani?"

Chrispin analoza foni ija.

"Tsono tamvera. Ulankhula m'foni umu, mokweza, osalira. Unena kuti waya wachikasu unamuzula ndiwe Lachisanu posesa. Swichi yatsopano unatuluka nayo ndiwe m'chikwama, n'kuikapo yakupsa, kuti undipachike. Unena kuti kuba maswichi unaphunzira kwa bambo ako, ndipo yoyamba ija unawaona ndi maso ako akubwera nayo kunyumba. Dzina lawo ulitchule bwinobwino, monga unalitchulira pamaso pa mabwana."

"Ndikaitana a Majidi."

"Thamanga. Akabwera andipeza ndikutuluka thukuta pa kiyibodi, ndikuyesetsa. Ndiwauza kuti mtsikanayu wawononga kwambiri, zitenga nthawi. Ndani mwa iwo angadziwe kuti ndikuchedwa dala? Amene aja sasiyanitsa seva ndi filiji. Ine ntchito yandithera kale ngati sulankhula. Ndiye ndithamangire chiyani?"

"Iwe ndiwe satana."

Kanali koyamba Idah kumutchula kuti iwe.

"Eya," anatero Chrispin. "Koma satanayo ndi amene ali ndi pasiwedi."

Kudzera m'khoma kunamveka kulira kwa mzimayi, kulira kosachita manyazi ndi anthu.

"Mayo ine! Mwana wanga ine! Adokotala, chitanipo kanthu!"

Chrispin anadina kuti foni iyambe kujambula, n'kuikankha ndi chala chimodzi mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo. Kadontho kofiira kankaphethira, kakudikira mawu.

Idah anayang'ana foni. Anayang'ana chitseko.

Tsono inu amene mukuwerenga, inu a mayunifolomu inu, musatseke buku n'kuthawira kubwalo la mpira. Aphunzitsi anu akuuzani kuti Idah analakwa, akanamvera malume ake. Chabwino, analakwa, ndavomera. Kulakwako kwachitika, sikubwerera. Panopa mwana wa eni ake ali pabedi, ndipo a Gabriel ali kumanda kumene sangadziyankhire. Idah akatseka pakamwa, mayi uja abwerera kwawo ndi nsalu yopanda mwana. Akatsegula, awapha kachiwiri bambo ake ndi lilime lake lomwe, ndipo Chrispin mawa abwera kuntchito atavala tayi wina.

Musandiuze kuti Mulungu adzaweruza. Mawu amenewo ndinawamva kokwanira, anandikwana. Musandiuzenso kuti ndinu ana. Idah nayenso ndi mwana.

Ndiyankheni, ndipo mundiyankhe mutandiyang'ana m'maso: Idah anene chiyani m'foni muja?